Mchenga Wakuda wa Bambo a Marita

Ndinadzuka kusanache, tambala atangolira koyamba. Sikunali kugona kwenikweni, ndinangotsamira khoma pafupi ndi bokosi mpaka maso anatsekeka okha. Nyali inali ikuyakabe kumutu kwa amuna anga, bambo a Marita, ndipo amayi amene anachezera nane anali atagona mothinana m'nyumba monse, wina miyendo pa mnzake, wina buku la nyimbo likadali m'manja. Kunja mphepo ya mwera inali itayamba, ndipo lata lina linkagogoda pamene panazuka msomali umene amuna anga ankati adzaukhoma mawa.

Usiku umenewo unali wa nyimbo. Amuna anga anaimba m'kwaya ya tchalitchi chachikulu cha ku Chipyela kuyambira ali mnyamata mpaka mawu atayamba kunjenjemera ndi ukalamba, choncho anzawo a kwaya anabwera onse kwathu ku Mbungo ndipo sanapume. Abambo anakhala panja pansi pa mtengo wa mango atazungulira moto. Ambiri anali asodzi, chifukwa ntchito ya amuna anga inali yokonza mainjini a maboti ndi mawailesi. Ndinkawamva akukumbutsana za injini ina imene inamira n'kuvuulidwa itadzaza matope, iwo n'kuidzutsa. Kuseka kumabuka, wina n'kuwatontholetsa, pakapita kanthawi n'kuyambiranso. Ine sindinadandaule nako kusekako. Munthu anafika pa ukalamba, anadwala masiku ochepa, anapita ali pabedi lake atalandira Mgonero. Maliro otere timalira, koma timaliranso tikuthokoza.

Nkhawa yanga inali pa Marita, mwana wathu mmodzi yekhayo. Iye amakhala ku Joni, kumene amaphunzira ndi kugwira ntchito ya zakumwamba, ya nyenyezi. Anafika ku Nkhata Bay dzulo lake madzulo sitima itapita kale, ndipo eni boti anamuuza kuti aona m'mawa ngati mphepo ilola. Mawu ake omaliza pafoni anali akuti anyamuka kukangoyera. Pakati pa nyanja foni sigwira, ndiye kuyambira pamenepo tinangomusiya m'manja mwa Mulungu.

Kunja kutayamba kutuwa ndinamva amayi a kumoto akuwaza nkhuni. Nkhunizo zinabwera pa boti kuchokera kutsidya, mphatso ya abale a ku Kobwe, poti kuno pachilumba nkhuni ndi chuma. Ndinamva ndowa zikugundana, wina akufunsa amene wasunga shuga. Kenako panamveka chinthu chikugwa, zitini zikugubuduka, ndi mfuu ya anthu angapo nthawi imodzi.

Wamasiye satuluka m'nyumba ya siwa, ndiponso safunsafunsa. Ndinakhala pamphasa panga mpaka mnzanga woyandikana naye nyumba analowa, nagwada pafupi, n'kundinong'oneza zimene zachitika.

Munthu akamwalira timatulutsa katundu m'nyumba kuti anthu apeze pokhala. Amene anatulutsa za kuchipinda kwathu dzulo lake anali alamu anga, mlongo wawo wa amuna anga, amene anakwatiwa ku Kobwe. Pansi pa bedi anapeza zitini za mkaka zingapo, zolemera, zodzaza ndi zinthu zakuda zonga ufa. Anaganiza kuti achimwene awo ankasunga mankhwala. Sanauze munthu, anazibisa kuseri kwa khola, ndipo usiku wonse anaimba nawo nyimbo ali ndi katundu ameneyo mumtima. Kusanache anazimanga m'kapulana yawo, chitenje cha kutsidya, kuti akaziponye m'nyanja anthu asanadzuke, dzina la mbale wawo lipulumuke. Koma njira ya kunyanja inadutsa pamene amayi ankaphika. Mu mdima uja anapunthwa pa fuwa la pamoto, mtolo unamasuka, chitini china chinatseguka. M'kati munatuluka chinthu chozungulira, chakuda, chaubweya ngati khoswe wonyowa. Chinagubuduka pang'ono, kenako chinadumphira pa mpeni umene mayi wina anasiya pansi n'kuukakamira. Mayiyo atakoka mpeni wake, chinthucho chinabwera nawo.

Nditamva zimenezo ndinatsala pang'ono kuseka, chifukwa chinthucho ndinkachidziwa. Anali maginito a m'sipika ya wailesi yakufa, ndipo ubweyawo unali mchenga. Koma mnzangayo sankaseka. Anati nkhani yafika kale kwa abambo.

Dzuwa likutuluka anthu anayamba kufika. A ku Khuyu anabwera wapansi m'magulumagulu, amayi atasenza ufa wa kondowole ndi usipa wouma. Maboti awiri ena a kutsidya anakocheza anthu ake atanyowa ndi mafunde. Aliyense wofika amalowa, kugwada pafupi ndi bokosi, kulira pang'ono, kundigwira dzanja, n'kutuluka. Koma ndinaona kuti amene analowa pambuyo ankandiyang'ana mosiyana ndi oyamba aja. Ena ankasuzumira kuchipinda. Nkhani inali ikuwachingamira panjira asanafike pakhomo.

Anthu anayamba kukumbukira zinthu. Anakumbuka kuti kwa zaka zambiri bambo a Marita ankayenda m'mphepete mwa madzi m'mamawa akukoka kanthu pa chingwe. Anakumbuka kuti ukawafunsa chimene akuchita ankayankha kuti akuwedza nyenyezi, n'kupitirira akuseka. Wina anati n'chifukwa chake injini zakufa zinkawamvera. Wina anati mwana wa pa Mbungo pano kufika mpaka ku Joni, pamene anzake analekera panjira, pamafunika kufunsa. Achinyamata amene anapitako kusukulu anati awo ndi maginito chabe, ngakhale m'foni alimo. Akuluakulu anayankha kuti maginito sakuwakana, koma munthu wamkulu, wa imvi zake, ufa wakuda zitini zonsezo pansi pa bedi ngwachiyani?

Tiyi atamwedwa, mkulu wa mpingo wa dera lathu anaima pakhomo n'kuitana amalume a Marita. Analankhula motsitsa, koma nyumba yathu ndi yaing'ono. Anati ansembe amva, ndipo sakufuna kuweruza munthu amene amudziwa zaka zonsezi, koma sangatsekenso makutu mudzi wonse ukulankhula. Ngati nkhaniyi siimveka bwino nthawi yonyamuka isanakwane, mapemphero achitikira pakhomo pompano, ndipo thupi lipita kumanda molunjika, osalowa m'tchalitchi, belu osalira.

Apo m'pamene misozi yanga inauma. Amuna anga anabatizidwa m'tchalitchi chimenecho. Tinakwatirana momwemo. Anali ndi malo awo m'kwaya, pafupi ndi chipilala, pamene thabwa linasalala ndi chigongono chawo. Kuti awalambalalitse pakhomo limenelo ngati munthu wobisa zinthu, chifukwa cha mchenga, sindikanatha kukhala nazo moyo wanga wonse. Amene akanafotokoza bwino anali awiri. Mmodzi anali m'bokosi, wina pakati pa nyanja.

Mchengawo unayamba Marita ali wamng'ono. Tsiku lina bambo ake anagwetsa maginito pagombe akukonza wailesi ya msodzi wina, ndipo atawatola anali atamera ubweya wakuda. Mumchenga wathu muli timbewu tachitsulo. Mafunde akamenya usiku amatisiya m'mizere yakuda pamwamba pa mchenga woyera, ndipo uyenera kupita m'mawa anthu asanapondepo. Mwana anakondwa nazo, bambo ake anakondwa koposa mwanayo. Iye anakula nazo mpaka zinamutengera kusukulu zakutali, iwo anatsala nazo kuno. Lamulungu lililonse tikabwera kutchalitchi Marita ankaimba foni, ndipo ankakambirana mpaka batire kutha. Akamaliza, amuna anga ankabwera pamene ndakhala ndikusenda chinangwa n'kuyamba kundifotokozera zonse, kaya ndafunsa kaya sindinafunse. Zitini ankaziika pansi pa bedi chifukwa mchengawo ukanyowa umagwirana. Ine sukulu ndinalekera kumayambiriro, ndipo zinthu zawozo ndinali ndisanazigwirepo ndi dzanja langa. Ndinkangoona.

Mwambo ndi wakuti wamasiye salankhula pamaliro, mawu ake amadzera mwa ena. Koma awa sanali mawu oti ndingatume munthu. Ndinauza mnzanga uja kuti aitane mkulu wa mpingo, amalume a Marita ndi alamu anga, alowe. Ndinati abweretse chitini chimodzi, sefa ya tiyi, ndi katoni yoyera imene inali pamwamba pa kabati yotulutsidwa panja.

Alamu analowa maso atatupa, osandiyang'ana. Anakhala kutali ndi chitini. Amayi a m'nyumba anadzikokera kumakoma.

Panatsala chinthu chimodzi, ndipo ndicho chinali chovuta. Maginito ozungulira aja anali okolera mchenga basi. Oonetsera anali ena, aatali ngati chala, amene Marita anawabweretsera bambo ake. Amenewo sankasiyana nawo, ankakhala m'thumba la m'kati la jekete lawo la kutchalitchi. Jeketelo ndi limene ndinapereka kuti awaveke, ndipo sindinachotsemo kanthu. Bokosi linali lisanakhomedwe. Ndinagwada, ndinakankha chivundikiro, ndinalowetsa dzanja pachifuwa pa amuna anga anthu onse akuona. Mayi wina anayamba kupemphera mokweza. Mkulu wa mpingo anati, “Mayi, mukudziwa chimene mukuchita?”

Ndinati, “Ndikudziwa, bambo. Gwirani katoniyi mbali iyo, alamu agwire mbali inayo.”

Alamu anakana ndi mutu. Ndinawauza kuti ngati anatha kunyamula zitini zonse pamsana mu mdima, katoni yopanda kanthu siingawalume. Anasendera, anagwira ndi nsonga za zala.

Ndinaika maginito pansi pa katoni, ndinathira mchenga m'sefa, ndinayamba kuwaza. Ndinathira wambiri. Panangokhala mulu wakuda wopanda maonekedwe. Lata lija linali likugogodabe. Ndinabwezera mchenga m'chitini, ndinayambanso, pang'onopang'ono ngati ndikuwaza mchere pa nsomba. Panalibebe chooneka bwino. Ndiye ndinakumbuka chala cha amuna anga, mmene chinkagogodera m'mphepete mwa katoni akamaliza kuwaza. Ndinagogoda.

Mchenga unadzuka. Timbewu tonse tinatembenuka, tinagwirana, tinandanda m'mizere yopyapyala ngati tsitsi lopesedwa. Mizere inatuluka mbali iyi ikutambasuka, inatulukanso mbali inayo, ina inakhota n'kukakumana, ndipo pakati inafinyika pamodzi. Alamu anatulutsa mpweya. Amayi amene anathawira kumakoma anayamba kusendera ndi maondo.

Ndinawauza monga mmene amuna anga ankandiuzira. Kumwamba, kutali kupitirira dzuwa, kuli mitambo imene si ya mvula. Ndi ya fumbi ndi mpweya, yozizira, yakuda, yaikulu koti dzuwa ndi dziko lino zingasowemo ngati usipa umodzi m'nyanja. M'mitambo imeneyo ndi mmene mumabadwira nyenyezi. Mtambo umalemera, ndipo kulemera kwakeko kumaukokera pamodzi kuti uunjikane. Koma m'kati mwake mumadutsa mphamvu yomweyi ya maginito, mizere yosaoneka, yonga imene mchenga watiululira pakatonipa. Fumbi limayenda mosavuta likamatsata mizere, ngati mikanda pa ulusi, koma kuti liidutse mopingasa limavutika. Ndiye mtambo suthamanga, umasonkhana pang'onopang'ono m'zingwezingwe. Pamene fumbi lachulukitsa, kulemera kumapambana, kumakoka mizere ija n'kuifinya pakati ngati mtolo wa udzu womangidwa ndi luzi. Ndinaloza pakati pa katoni, ndinati pomangidwapo ndi pamene pamayaka nyenyezi.

Ndinati ntchito ya Marita ndi kupeza mizere imeneyo. Fumbi la kumwambako nalo limatembenuka molingana ndi mizere monga wachitira mchengawu, ndipo iye ndi anzake akayang'ana kuwala kochokera kumeneko ndi makina awo amadziwa kumene mizere yalowera. Bambo ake makina amenewo sanawaonepo. Iwo anali ndi gombe, chingwe ndi katoni. Zitini zinachuluka chifukwa ankafuna kuti Marita akadzabwera pa Khirisimasi adzayale nsalu yaikulu yoyera pabwalo la sukulu, ana onse adzaone.

Mkulu wa mpingo anali akuyang'anabe katoni. Anafunsa kuti nanga maginitowo atapanda kukhalapo kumwambako, chingachitike n'chiyani. Funso limenelo ndinkalidziwa, chifukwa amuna anga ankadzifunsa okha n'kudziyankha okha. Ndinati mtambo ukanabereka mothamanga, nyenyezi zambiri nthawi imodzi, n'kutheratu msanga. Maginito ndi amene amaugwira kuti uzibereka mopumira. Ndinati amuna anga ankanena kuti kumwamba nakonso amalera.

Alamu anga anabereka ana khumi ndi mmodzi, ndipo aliyense m'nyumbamo ankadziwa. Anandiyang'ana kwa nthawi yoyamba m'mawa umenewo, misozi ikadali m'masaya, n'kunena kuti, “Nanga ine, alamu, maginito amenewa anandilambalala bwanji? Achimwene anali nawo m'thumba zaka zonsezi, osandibwerekako?”

Sindikudziwa amene anayamba. Ndinangoona mapewa a mkulu wa mpingo akugwedezeka, katoni n'kupendekeka, mchenga n'kukhuthukira pansi. Amayi anaseka mpaka kugwirana, ena akupukuta maso ndi mipango. Tinaseka pambali pa bokosi lotsegula, ndipo palibe amene anatontholetsa mnzake. Alamu anaseka kenako analira, anagwira phazi la achimwene awo n'kuwapepesa, kenako anasekanso.

A panja anamva kuseka m'nyumba ya siwa, anadzaza pakhomo ndi pawindo. Mkulu wa mpingo anapempha kuti ayese yekha. Anathira wambiri ngati ine poyamba, ndipo alamu ndi amene anamuuza kuti agogode. Atatha anatulutsa foni n'kupita kuseri kwa nyumba kukaimbira ansembe. Katoni inatuluka panja, inayenda kuyambira kwa abambo mpaka kumoto. Ndinkamva mawu anga akubwerezedwa pabwalo, akusinthasintha pamene akupita. Pofika kwa amayi ophika, nkhani inali yakuti nyenyezi zimapita kusikelo. Mayi wa mpeni uja anati iye sanaope n'komwe, anakuwa chifukwa cha mpeni wake. Mkulu wina amene anayambitsa za mainjini anati iye anali akudziwa kale kuti munthu woimba chotere sangakhale ndi zobisa. Adzukulu anabwera kudzanena kuti manda atha ngakhale anakumana ndi mwala, ndipo anakana kubwerera asanaonetsedwe nawonso.

Nthawi yotseka bokosi itakwana, alamu anatenga maginito aatali aja, akadali ndi ubweya wake, n'kuwabwezera okha m'thumba la jekete. Kalipentala pokhoma anagwetsa misomali iwiri pansi pakati pa mphasa. Alamu sanalole kuti anthu afufuze, anatenga ozungulira aja n'kuitola ngati munthu amene wakhala akuchita zimenezo kuyambira kale.

Tinanyamuka dzuwa litakwera. Mphepo inali ikuwombabe, mitambo yoyera ikuthamanga, fumbi likutilowa m'maso. Patsogolo panali mtanda, kenako kwaya, kenako bokosi pamapewa a asodzi amene ankalandizana osaima. Amayi a mumpingo anandizungulira atavala yunifolomu yawo, mmodzi atandigwira mkono uku, wina uku. Njira ya ku Chipyela ndi ya miyala ndi zitunda, ndipo ndaiyenda moyo wanga wonse, koma sindinaionepo itadzaza chotero. Anthu ankatuluka m'minda ya chinangwa n'kulowa mumzere. Ogulitsa anatseka timaokala tawo. Pansi pa mlambe wina panaima agogo amene sakanatha kuyenda, atavula chipewa.

Titakwera chitunda chomaliza ndinamva belu. Ndinadziwa kuti amuna anga alowa m'tchalitchi. Kwaya inasiya nyimbo yachisoni imene inkaimba n'kuyamba ina ya Pasaka, ngakhale sinali nyengo yake, ndipo anthu anaiyankha mwamphamvu mpaka mbuzi zinathawa m'njira.

Ansembe anatichingamira pakhomo. Bokosi linalowa, linadutsa pakati, linaikidwa kutsogolo. Anzawo a kwaya anasiya malo a pafupi ndi chipilala opanda munthu. Mu ulaliki ansembe sanatchule za m'mawa zija, anangoti Mulungu amene amawerenga nyenyezi n'kuzitcha maina walandira munthu amene ankafuna kudziwa mmene Iye amazipangira. Kumbuyo kunamveka kuseka kotsitsa.

Tili pakati pa pemphero, munthu wina anadzipanikiza pambali panga n'kugwada. Ananunkha mafuta a injini ndi madzi a m'nyanja. Anali Marita, atavala chitenje chobwereka pamwamba pa zovala zonyowa, nkhope itatuwa ndi kusanza kwa paulendo. Anaika mutu paphewa panga monga ankachitira ali mwana, ndipo ndinamva kuti tsopano tsiku lakwanira.

Potuluka kupita kumanda, amayi anayamba kumufunsa ngati n'zoona kuti kumwamba amalera. Mwana anadabwa, anayang'ana uku ndi uku. Anayamba kufotokoza za mitambo, koma mayi wina wa ku Khuyu anamudula, anati zimenezo amayi ake awaphunzitsa kale, za mikanda ndi za mtolo wa udzu zomwe. Marita anatembenukira kwa ine.

“Amama, nthawi yonse ija munkamva?”

“Khutu lilibe chivundikiro, mwanawe. Ndipo bambo ako sankatopa.”

Kumanda zonse zinayenda monga mwa nthawi zonse, nyimbo, pemphero, kutsitsa bokosi ndi zingwe. Ansembe ataponya dothi, alamu anatulukira ndi mtolo wawo wa kapulana uja. Ine sindinadziwe kuti anaunyamula. Anaumasula, anatsegula zitini ziwiri, anapereka choyamba kwa Marita. Anati mchenga umene iwo anafuna kuutaya m'nyanja uperekeze mwini wake. Marita anatapa, anawaza pabokosi. Ine ndinatsatira. Kenako zitini zinayenda m'manja mwa anthu, aliyense kutsina pang'ono, kwaya, asodzi, a kutsidya, mkulu wa mpingo, mayi wa mpeni uja. Bokosi loyera linada pang'onopang'ono. Adzukulu anadikira moleza mpaka womaliza, ndiye anakwirira. Zitini zotsala Marita anati zidikire Khirisimasi, nsalu yoyera adzabwera nayo yekha.

Tinabwerera ku Mbungo dzuwa litapendeka. Anthu anadya, anatsanzika. A ku Khuyu anayamba, kenako maboti a kutsidya mphepo itatsika. Alamu anatsala kuti akhale nane masiku oyamba, ndipo anandipempha chitini chimodzi cha adzukulu awo a ku Kobwe, amene ndi ochuluka moti anati sakudziwa ngati chikwana. Moto wa amayi unazima wokha. Pabwalo panatsala mafuwa akuda, udzu wopondedwa, ndi nsapato imodzi ya mwana imene mwini wake sanapezeke.

Kutangoda tinakhala pakhonde ndi Marita. Mwera unali utasesa kumwamba, ndipo mlalang'amba unaoneka kuyambira mbali iyi mpaka inayo. Anandilozera nyenyezi ina yofiira pamwamba pathu, n'kundiuza kuti ndiyang'ane pambali pake pamene pali mdima. Malo amenewo ndinkawaona kuyambira kale, ndinkayesa kuti ndi pobooka, popanda kanthu. Iye anati ndi podzaza, ndi mtambo uja, ndipo m'kati mwake muli nyenyezi zimene zabadwa koma sizinaonekere. Ndinati ndiye kuti zili m'chikuta, monga mayi ndi khanda lake asanatuluke kukaonedwa ndi anthu. Anati bambo ake akanalikonda liwu limenelo, ndipo akanalinena Lamulungu lililonse mpaka tonse kutopa nalo.

Analowa kukagona chifukwa cha ulendo. Alamu anali ataliza kale mkonono pamphasa pafupi ndi khomo, ndipo amayi awiri otsala ankanong'onezana kukhitchini. M'nyumba munali mopanda katundu, mawu aliwonse ankamveka kawiri. Ndinakweza nyali, ndinaona pansi pamene panali bokosi. Mchenga umene unakhuthuka m'mawa tikuseka unali pomwepo, utamwazika ndi mapazi a anthu. Tsache siligwiridwa m'nyumba ya maliro tsiku loika, ndipo ngakhale likanaloledwa sindikanausesera kudzala.

Maginito ozungulira anali pawindo pamene alamu anawasiya. Chingwe chake ndinachipeza pa msomali kuseri kwa chitseko. Ndinamanga, ndinawatsitsa pansi, ndinayamba kukoka pang'onopang'ono kuchokera kukhoma kupita kukhoma. Ankalira pa simenti, ndipo ubweya wakuda unayamba kumera.

Kuchipinda kunamveka mawu a tulo. “Amama, mukuchita chiyani?”

Ndinati, “Gona, mwanawe. Ndikuwedza nyenyezi.”